Tsalani Bwino Ana: Kanema wa Sukulu Imene Inabisa Alendo

Anthu a mtundu wa Ayuda ali ndi mwambo wina umene makolo awo akale sanaudziwe. Chaka ndi chaka, m'mizinda yambiri ya dziko lapansi, asonkhana masiku angapo kuonera makanema onena za mtundu wawo, za chimwemwe chawo ndi za masautso awo. Chionetsero chakale koposa cha mtundu umenewu chinayamba mu mzinda wa San Francisco ku America mu 1980, ndipo lero zionetsero zotere zipezekanso ku London, ku Toronto, ku Atlanta ndi kwina. Monga ife tikhala pa bwalo madzulo kumvetsera agogo ali kusimba za kale, momwemonso iwo akhala m'nyumba ya mdima kuyang'ana zithunzi zoyenda, kuti ana awo asaiwale kumene anachokera.

Makanema a pa zionetsero zimenezi ali m'zilankhulo zambiri, ndipo ena mwa iwo asimba za ana amene anakula m'masiku a nkhondo. Mwa makanema a Chifalansa onena za ana otere, mmodzi wa otchuka koposa ndi uyu wotchedwa Au revoir les enfants, ndiko kunena kuti "Tsalani bwino ana". Anakonza kanemayu ndi Louis Malle, ndipo anamutulutsa mu 1987. Chaka chomwecho analandira mphotho yaikulu ya Golden Lion ku Venice, ndipo mu 1988 analandira mphotho 7 za César kwawo ku France. Koma mphotho si chifukwa chimene ndalembera. Ndalemba pakuti nkhani yake ichitikira pa sukulu, ndipo ifunsa funso limene mphunzitsi aliyense ndi kholo lililonse la m'chigwa chathu cha Shire ayenera kuliyankha: kodi mwana wa mlendo, ndi mwana wa wosauka, tiwachitira chilungamo chotani?

DZIKO NDI NTHAWI YAKE

Akuluakulu athu ankatcha nkhondo ya 1939 mpaka 1945 kuti nkhondo ya Hitler, ndipo asilikali a dziko lino a King's African Rifles anakamenya nawo ku Abyssinia ndi ku Burma. Mu Juni 1940 Ajeremani anagonjetsa dziko la France. Boma latsopano la Afalansa, limene linakhala mu mzinda wa Vichy pansi pa Marshal Pétain, linayamba kuthandizana ndi adaniwo, ndipo mu Okutobala 1940 linaika malamulo ochotsa Ayuda pa ntchito zambiri. Mu 1942, kumpoto kwa dzikolo, Myuda aliyense wa zaka 6 ndi kupitirira anakakamizidwa kuvala chizindikiro cha nyenyezi yachikasu pa chifuwa. Mu Julaye chaka chomwecho apolisi a Chifalansa anagwira Ayuda pafupifupi 13,000 mu Paris, ndipo mwa iwo ana anaposa 4,000.

Pa nkhondo yonse, Ayuda pafupifupi 76,000 anatengedwa ku France pa sitima za pamtunda kunka ku ndende za imfa, makamaka ya Auschwitz m'dziko la Poland, ndipo amene anabwerako amoyo anali pafupifupi 2,500 okha. Mu Ulaya yense anaphedwa Ayuda 6 miliyoni. Sanaphedwe chifukwa cha kuba kapena kupha munthu ayi. Mlandu wawo unali kubadwa kwawo. Komabe tiyenera kudziwanso kuti mwa Ayuda anayi alionse a ku France, atatu anapulumuka, ndipo ambiri anapulumuka chifukwa alimi, aphunzitsi, ansembe ndi abusa anawabisa, ali kudziwa kuti akagwidwa nawonso adzalangidwa koopsa.

NKHANI YAKE

Kanema ayamba pa siteshoni ya sitima. Mnyamata wa zaka ngati 12, dzina lake Julien Quentin, mwana wa banja lolemera, ali kutsanzikana ndi amayi ake kuti abwerere ku sukulu yogonera komweko ya ansembe a chipani cha Carmel. Ndi nthawi ya chisanu, chakudya nchochepa, ndipo ndege za nkhondo zikamveka ana aphunzirira m'chipinda cha pansi pa nthaka. Tsiku lina mphunzitsi wamkulu, Bambo Jean, abwera ndi anyamata atatu achilendo. Mmodzi wa iwo, Jean Bonnet, apatsidwa kama woyandikana ndi wa Julien.

Poyamba Julien amuda mlendoyo, pakuti ali wanzeru pa masamu ndiponso aimba piyano bwino koposa iye. Koma pang'ono ndi pang'ono aona zachilendo. Jean akana nyama ya nkhumba. Palibe kholo lake lobwera kudzamuona. Usiku wina Julien adzuka napeza mnzakeyo ataimirira pafupi ndi makandulo awiri, chipewa chili kumutu, ali kupemphera chamumtima m'chilankhulo chosadziwika. Pambuyo pake Julien afufuza m'kabati ya Jean napeza buku lolembedwa dzina lina, Kippelstein. Apo ndipo azindikira kuti Bonnet si dzina lake lenileni, ndi kuti ansembe ali kubisa ana a Chiyuda pakati pa ana a Chikatolika.

Anyamata awiriwa asanduka mabwenzi. Asokera pamodzi m'nkhalango, awerengerana buku usiku anzawo ali m'tulo, ndipo tsiku lina ndege zili kuponya mabomba, iwo atsala okha ali kuimba piyano ndi kuseka. Tsono m'mawa wina wa Januwale 1944 apolisi achinsinsi a Ajeremani, otchedwa Gestapo, alowa m'kalasi nafunsa za Jean Kippelstein. Anyamata atatu aja agwidwa, Bambo Jean nawonso agwidwa, ndipo sukulu itsekedwa. Ana onse aimikidwa pa bwalo m'chisanu. Pamene mphunzitsi wawo wamkulu ali kutengedwa, ana amutsanzika, ndipo iwo ayankha ndi mawu aja amene ali dzina la kanema.

ZIMENE ZINACHITIKADI

Nkhaniyi si nthano yopeka. Louis Malle anabadwa mu 1932, ndipo ali mwana anaphunzira pa sukulu ya ansembe a Carmel ku Avon, pafupi ndi Fontainebleau. Pa 15 Januwale 1944 a Gestapo anagwira pa sukuluyo mphunzitsi wamkulu, Bambo Jacques, amene dzina lawo lobadwa nalo linali Lucien Bunel, pamodzi ndi anyamata atatu: Hans-Helmut Michel, Jacques-France Halpern ndi Maurice Schlosser. Anyamatawo anatumizidwa ku Auschwitz mu Febuluwale 1944, nafera komweko. Bambo Jacques anazunzika m'ndende ya Mauthausen ndi ya Gusen ku Austria, ndipo chinkana asilikali a America anawamasula, thupi lawo linali litatha kale, kotero anamwalira mu mzinda wa Linz pa 2 Juni 1945. Mu 1985 nyumba ya chikumbutso ya Yad Vashem ku Jerusalem inalemba dzina lawo pakati pa anthu olungama a mitundu ina amene anapulumutsa Ayuda.

Malle anasunga nkhaniyi mu mtima zaka zoposa 40 asanaiike m'kanema. Anasintha maina, ndipo ubwenzi wa anyamata awiriwa anaukuza kuposa mmene unaliri. Kotero kanema uyu tisamuyese buku la mbiri. Ali ngati munthu wamkulu amene abwerera ku manda a mnzake wa paubwana kukanena mawu amene sanathe kunena pa tsiku la maliro.

LUSO LA WOKONZA

Chinthu choyamba choyamikira ndi kudziletsa kwa Malle. Ambiri a ife tizolowera makanema a m'nyumba za vidiyo za pa Nchalo, pa Ngabu ndi pa Bangula, mmene nkhondo itanthauza mfuti, moto ndi magazi. M'kanema uyu simuona munthu aliyense ali kuphedwa. Simuona ndende ya Auschwitz ngakhale kamodzi. Chimene muona ndi moyo wa sukulu: ana ali kulimbirana chakudya, ali kunyozana maina, ali kugwetsana pa bwalo atakwera mitengo italiitali ngati makanja. Julien yemweyo, amene adzionetsa wolimba mtima masana, akodza pogona usiku. Mitundu ya zithunzi njosawala, nyimbo nzochepa, ndipo nkhani iyenda pang'onopang'ono monga iyendera teremu ya sukulu.

Wina anganene kuti kanema wotere ngwozizira. Ine nditi mphamvu yake ili pomwepo. Munthu akamva kuti anafa anthu 6 miliyoni, mutu wake umva koma mtima wake sungathe kusenza chiwerengero chotere. Koma akakhala ola limodzi ndi theka pamodzi ndi mwana mmodzi, namuona ali kulemba masamu pa bolodi, namuona ali kuseka, ndiye pamene mwanayo atseka buku lake ndi kutsata msilikali, woonerayo amva kulemera kwake kwa imfa imodzi. Akamva imodzi, ayamba kuzindikira zonse.

Pali malo awiri amene aonetsa luso limeneli bwino koposa. Oyamba ndi pa Misa ya tsiku la makolo. Jean, pofuna kufanana ndi anzake, agwada nawo kuti alandire Ukaristia. Bambo Jean aima pamaso pake kanthawi, kenaka amupitirira. Palibe mawu alankhulidwa, koma tiona wansembe ali pakati pa zinthu ziwiri: chikondi chake pa mwanayo ndi lamulo la mpingo wake. Achiwiri ndi usiku umene sukulu yonse ionera kanema wakale wa Charlie Chaplin wa mu 1917, wotchedwa The Immigrant, wonena za osauka opita ku America pa chombo. Ansembe, ana ndi antchito aseka pamodzi. Koma pamene chombo chifika ku New York, phokoso lichepa, ndipo ife tidziwa kuti pakati pa oonerawo pali ana amene chombo chotere chikadawapulumutsa.

Malle sanagawe anthu pawiri, abwino uku oipa uko, monga mwa mitundu yawo. Asilikali a Chijeremani amene apeza anyamata aja atasokera m'nkhalango awafunditsa bulangete nawabwezera ku sukulu. M'nyumba yodyera, amene afuna kutulutsa nkhalamba ya Chiyuda ndi Afalansa anzake, a gulu lothandiza adani. Ndipo pa tsiku lomaliza, amene aulula mwana wobisika m'chipinda cha odwala ndi sisitere wogwidwa ndi mantha. Izi sizichepetsa mlandu wa Ajeremani ayi. Zitichenjeza kuti choipa chachikulu sichingayende popanda manja ang'onoang'ono a anthu a m'mudzi momwemo.

MLANDU WA JOSEPH

Apa ndipo pali mtima wa kanema yense, monga ndionera ine. Pa sukulupo pali mnyamata wa ntchito ya ku khitchini, dzina lake Joseph. Ngwosauka, ayenda motsimphina, ndipo ana a olemera amuseka ndi kumugwetsa. Koma ana omwewo achita naye malonda a mseri: amupatsa jamu ndi shuga zochokera kwa makolo awo, iye nawapatsa fodya ndi masitampa. Malondawo ataululika, Bambo Jean aitana onse. Ana asukulu 7, pamodzi ndi Julien ndi mkulu wake, angoletsedwa kutuluka pa sukulu kufikira Pasaka, pakuti wansembeyo safuna kusautsa makolo awo. Joseph achotsedwa ntchito tsiku lomwelo, wopanda kopita. Ndipo pa tsiku la Gestapo, Julien akomana ndi Joseph pa bwalo, atavala bwino, ali pakati pa Ajeremani. Ndiye amene anaulula.

Lingalirani bwino, awerengi anga. Bambo Jean ndi munthu wolungama ndithu. Ndiwo amene pa Misa ija adzudzula olemera mwamphamvu kotero kuti kholo lina lituluka m'tchalitchi ndi mkwiyo. Ndiwo amene apereka moyo wawo chifukwa cha ana a eni. Komabe pa mlandu waung'ono wa jamu ndi fodya, ayesa ndi miyeso iwiri, wina wa ana a mabwana, wina wa mwana wa ntchito. Iwo eni adziwa kuti chiweruzocho nchokhota, ndipo nkhope yawo ionetsa zimenezo. Khomo limene anatseka ndi kulimba mtima kwakukulu linatseguka ndi kukondera kwakung'ono.

Sindinena kuti Joseph alibe mlandu. Kuchotsedwa ntchito si chifukwa chogulitsira miyoyo ya ana atatu, ndipo osauka ambiri anazunzika koposa iye osapereka munthu. Koma Malle akadafuna kutisangalatsa chabe, akadaonetsa wansembe wopanda banga ndi wompereka wopanda chifukwa. Iye wasankha njira yovuta, ndipo chifukwa cha ichi kanema wake aphunzitsa koposa ulaliki. Aliyense amene aweruza milandu, kaya ndi mfumu pa bwalo, kaya mphunzitsi wamkulu mu ofesi, kaya wa komiti ya sukulu, adziwa mmene dzanja lipepukira polanga mwana wa mlonda, ndi mmene lilemerera polanga mwana wa munthu wodziwika.

DISO LA JULIEN

Pali kanthu kenanso kakang'ono. Pamene mkulu wa Gestapo ali m'kalasi ndipo watembenukira ku mapu a pa khoma, Julien acheuka kamodzi kokha kuyang'ana mnzake. Mjeremaniyo aona kucheukako, nalunjika pa Jean. Kodi Julien ndiye anapereka bwenzi lake? Ayi, pakuti apolisiwo anabwera ali kudziwa kale dzina, ndipo Jean mwini amutonthoza pomanga katundu wake. Komabe mwanayo adzasenza kucheuka kumeneko moyo wake wonse.

Pa chifukwa ichi kanema uyu atchedwa wa kukula kwa mwana. Kwathu kuno mwana akula ndi mwambo: pali anamkungwi, pali malangizo, ndipo potsiriza pali chikondwerero. Julien akula m'mawa umodzi, wopanda namkungwi, wopanda nyimbo. Aphunzira kuti akuluakulu sangathe kuteteza ana nthawi zonse, kuti munthu wabwino akhoza kulakwa, ndi kuti chikondi chomwe chikhoza kuvulaza. Chithunzi chomaliza ndi nkhope yake, ndipo mawu amene timva pamenepo ndi a Malle mwini, atakula, ali kutiuza kumene anafera anyamata aja ndi wansembe.

PAMENE KANEMA APEREWERA

Ntchito ya munthu siikhala yopanda chilema. Chilema chachikulu cha kanema uyu nchakuti Jean timuona ndi maso a Julien okha. Timva pang'ono kuti atate ake ali m'ndende ndi kuti amayi ake aleka kulemba makalata, koma za kwawo, za mapemphero ake, ndi za mantha amene agona nawo usiku uliwonse, tingolawa chabe. Anyamata awiri enawo tingowadziwa maina. Kotero nkhani ya mwana wophedwa isanduka phunziro la mwana wopulumuka. Woonera pa chionetsero cha Ayuda ali ndi ufulu wofunsa kuti: nanga mawu a mwana wathu ali kuti? Yankho la Malle lingakhale lakuti iye anasimba zokhazo zimene maso ake anaona, ndipo sanafune kulankhula m'malo mwa akufa. Yankho limeneli nlaulemu, koma njala ya woonerayo itsalabe. Chifukwa chake kuli bwino kuti pa zionetsero zija pamakhalanso makanema okonzedwa ndi Ayuda eni, osimba nkhani yomweyi kuchokera m'kati.

Chovuta china nchathu ife. Anthu a m'kanemayu alankhula Chifalansa, ndipo kumasulira kwake kulembedwa pansi pa chithunzi, kawirikawiri m'Chingerezi, ndipo kupita msanga. Inu amene mwayamba kuwerenga posachedwa musataye mtima. Werengani nkhaniyi poyamba, muonere pamodzi ndi wina wodziwa Chingerezi, ndipo mudzapeza kuti zambiri zinenedwa ndi nkhope ndi maso, zimene sizifuna womasulira.

KWA IFE A M'CHIGWA

Ife a ku Chikwawa ndi ku Nsanje nkhani ya mwana wothawa nkhondo si yachilendo. Pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, makamaka kuyambira mu 1986, abale athu a ku Mozambique anawoloka malire ambirimbiri, kufikira dziko la Malawi linasunga othawa pafupifupi 1 miliyoni. M'boma la Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Maina a Mankhokwe, Nyamithuthu ndi Kunyinda tiwakumbukira. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo ambiri anabwerera kwawo. Kumapeto kwa 2024 ena anawolokanso chifukwa cha zipolowe za pambuyo pa chisankho. Ndiponso pa madzi osefukira a 2015, ndi pa namondwe Freddy mu 2023, makalasi athu anasanduka nyumba zogona za anthu osowa pokhala.

Tisafanizire zinthu zosafanana. Amene analandira alendo kuno sanaopsezedwe ndi imfa chifukwa cha kuwalandira, ndipo panalibe boma lofuna kufafaniza mtundu wonse wa anthu. Zimene zinagwera Ayuda zinali zoopsa mwa mtundu wake wake. Koma mbewu yake ya choipacho imera m'nthaka iliyonse. Imera pamene ana aseka mnzawo chifukwa cha kalankhulidwe kake ndipo mphunzitsi akhala chete. Imera pamene thandizo la chakudya ligawidwa poyang'ana nkhope. Imera pamene tinena kuti uyu ngwathu, uyo ngobwera.

Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo Bambo Jean anasunga mwambi umenewu kufikira imfa. Koma mwana wa mnzako si mlendo wochokera kutali yekha ayi. Ndi uja atunga madzi ku khitchini, uja avala zigamba, uja alibe kholo loti likamunenere ku ofesi. Kanema wa Louis Malle ayenera kuonedwa ndi aphunzitsi, makolo ndi mafumu, pakuti aonetsa kuti kulimba mtima pa tsiku lalikulu sikukwanira ngati chilungamo chisowa pa masiku wamba. Masiku aakulu afika kamodzi pa moyo wa munthu, ndipo kwa ena safika konse. Koma mlandu wa Joseph ufika pa khomo la sukulu sabata iliyonse.